Mafuta ndi Ndalama Zoyendetsera Galimoto ya 4x4 pa Ntchito za Kumunda kwa Malenga Chanzi

Munda wa kafukufuku umafunika kuyenderedwa pa nthawi yake. Tsiku lowokera mpunga, lothira feteleza wachiwiri, lowerenga mapesi omwe atulutsa ngala ndi loyeza zokolola silidikira kuti mafuta apezeke. Ulendo umodzi ukalephereka, zotsatira za mundawo zimakhala zoperewera, ndipo thukuta la mlimi wotsogolera likhoza kupita pachabe. Nthawi zambiri ulendo umalephereka chifukwa mafuta a mwezi atha mwezi usanathe. Nkhani ino ikufotokoza komwe mafuta a galimoto ya 4x4 amathera, momwe tingayezere kamwedwe kake, ndi momwe tingakonzere maulendo kuti mafuta omwewo afikire minda yambiri.

Misewu ya kuno

Kwa Malenga Chanzi ulendo umodzi umadutsa misewu ya mitundu itatu. Pali phula la msewu wa M5, wochokera ku Salima kupita ku Dwangwa ndi ku Nkhata Bay. Mukapatuka kulowera kunyanja mumakumana ndi mchenga. M'madambo momwe mumalimidwa mpunga wa Kilombero ndi Faya muli dothi la makande, lomwe limaterera ndi kumata kuyambira Disembala mpaka Epulo. N'chifukwa chake Toyota Hilux ndi Land Cruiser ndi zofunika pa ntchito yathu, koma gawo lalikulu la maulendo ambiri limakhala la paphula kapena pa msewu wouma, pomwe mphamvu ya matayala anayi siifunika.

Mafuta, matayala ndi zipangizo za galimoto zimachokera kunja kwa dziko. Kwacha itachepa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonsezi zidakwera mtengo. Mtengo wa lita umalengezedwa ndi bungwe la MERA ndipo ife sitingausinthe. Chomwe chili m'manja mwathu ndi kuchuluka kwa malita omwe timathera pa ulendo.

Chifukwa chiyani 4x4 imamwa kwambiri

Galimotozi ndi zolemera, pafupifupi matani awiri zisananyamule kanthu. Ndi zazitali, choncho zimalimbana kwambiri ndi mphepo, ndipo matayala ake okhakhala amakoka movutirapo paphula. Kuwonjezera apo zili ndi zitsulo zopereka mphamvu ku matayala akutsogolo, zomwe injini imayenera kuzunguza mukazilumikiza.

Zambiri zili ndi magiya atatu apadera. Pa 2H amakoka ndi matayala akumbuyo okha, ndipo ndi giya yoyendera tsiku ndi tsiku. Pa 4H amakoka onse anayi, pamchenga kapena poterera. Pa 4L injini imazungulira pafupifupi kawiri ndi theka kuposa pa 4H kuti galimoto iyende mtunda womwewo, choncho mafuta amatha msanga. Giya imeneyi ndi yotulukira pamatope akuya kapena pachitunda chovuta basi.

Mukabwerera paphula bwezerani ku 2H. Pokhota, matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. Pamatope kusiyanaku kumatha chifukwa tayala limaterereka pang'ono, koma paphula silingaterereke, ndiye zitsulo zimakanikizana, matayala amadyeka ndipo mafuta amapita ambiri. Ngati galimoto ili ndi loko wa pamatayala akutsogolo wotembenuza ndi dzanja, monga Land Cruiser zambiri, mubwezereni pa FREE.

Kuyeza kamwedwe ka galimoto

Muvi wa mafuta wa padashibodi umangoyerekeza. Njira yodalirika ndi iyi:

1. Dzadzani thanki mpaka pampu itadula yokha, ndipo lembani makilomita omwe mita ikuwonetsa.
2. Yendani maulendo anu monga mwa nthawi zonse.
3. Dzadzaninso thanki chimodzimodzi, n'kulemba malita omwe alowa ndi makilomita atsopano.
4. Gawani malitawo ndi makilomita omwe mwayenda, kenaka chulukitsani ndi 100.

Tiyerekeze kuti galimoto yayenda makilomita 400 ndipo palowa malita 48. Ndiye kuti ikumwa malita 12 pa makilomita 100 aliwonse. Mwezi wotsatira, pa maulendo ofanana, palowa malita 56, kutanthauza malita 14. Malita awiri amaoneka ochepa, koma pa makilomita 1,500 a pamwezi amakwana malita 30, omwe akadayendetsa galimotoyo makilomita ena 250. Manambalawa ndi achitsanzo chabe. Galimoto iliyonse ikhale ndi nambala yakeyake ya nyengo ya dzinja ndi ya chilimwe, yolembedwa m'buku la maulendo. Nambala ikakwera mwadzidzidzi pa misewu yomweyo, pali chomwe chalakwika: matayala, sefa, mabuleki ogwira, kudontha kwa mafuta, kapena maulendo omwe sadalembedwe.

Komwe mafuta amatayikira

Liwiro. Mphamvu ya mphepo yolimbana ndi galimoto imakula msanga kuposa liwiro. Pa makilomita 110 pa ola imakhala pafupifupi kawiri poyerekeza ndi pa 80. Pa ulendo wa ku Salima, womwe ndi wopitirira makilomita 100, kuthamanga kumapulumutsa mphindi zochepa koma kumadya malita.

Mpweya wa m'matayala. Pamchenga wakuya kuchepetsako mpweya kumathandiza kuti tayala liyandame. Vuto limabwera ngati mwabwerera paphula osapopanso: tayala limatentha, limadyeka m'mbali ndipo injini imavutika kulikoka. Galimoto iliyonse ikhale ndi pampu ndi choyezera mpweya. Mlingo woyenera umalembedwa pa chitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimoto, ndipo muziyeza m'mawa matayala asanatenthe.

Kulira kwa injini galimoto itaima. Injini ya dizilo yaikulu chonchi ikhoza kutha pafupifupi lita imodzi pa ola ili chiimire. Msonkhano wa pamunda ukayamba, injini izimitsidwe.

Katundu. Pikapu zambiri zamtunduwu zimaloledwa kunyamula pafupifupi tani imodzi, kuwerengera ndi anthu omwe. Ndi matumba osakwana 20 a makilogalamu 50 ngati mulinso anthu. Kupitirira apo kumawonjezera mafuta ndi kuthyola masipuling'i. Mbewu ya chinangwa yosanjikizidwa kupitirira denga nayo imagwira mphepo.

Kutitimira. Kupondereza mafuta galimoto itatitimira kumangoikwirira. Lowani 4H musanafike pamatope, osati mutakodwa kale. Mukakodwa, imani, fukulani ndi khasu, ikani nthambi pansi pa matayala, n'kutuluka pang'onopang'ono pa 4L.

Ndalama zina zosaoneka pa pampu

Mtengo weniweni wa kilomita imodzi si mafuta okha. Onkhetsani izi: mtengo wa mafuta a kilomita imodzi, mtengo wa sevisi wogawidwa ndi makilomita a pakati pa sevisi ziwiri, mtengo wa matayala anayi wogawidwa ndi makilomita omwe matayala akale adayenda, ndi ndalama za pachaka za inshuwalansi, COF ndi kukonzetsa, zogawidwa ndi makilomita a chaka chonse. Bajeti yowerengera mafuta okha imasiya galimoto pamiyala pakati pa dzinja chifukwa chosowa tayala limodzi.

Zinthu zitatu zimakweza ndalamazi kuno kunyanja. Choyamba ndi madzi. Galimoto ikawoloka madzi ofika pakati pa matayala, madziwo amatha kulowa mu difu. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka asinthidwe msanga, chifukwa oyilo ndi wotchipa kuposa difu. Madzi othamanga omwe simukuona pansi pake musawoloke konse. Kusefukira kwa madzi kwa ku Dwangwa kumapeto kwa Febuluwale 2024 kudaonetsa kuti ngakhale msewu wa M5 umatha kuduka.

Chachiwiri ndi fumbi la chilimwe, lomwe limatseka sefa ya mpweya. Injini ya dizilo ikasowa mpweya imafooka n'kumatulutsa utsi wakuda, womwe ndi mafuta osapsa bwino. Pa misewu ngati yathu, injini zakale za dizilo zimafuna oyilo watsopano pa makilomita 5,000 aliwonse. Tsatirani buku la galimoto yanu.

Chachitatu ndi mafuta a m'zigubu ogulidwa m'mbali mwa msewu nthawi ya kusowa kwa mafuta. Akhoza kukhala ndi madzi, zinyalala kapena palafini. Injini zatsopano za Hilux zimapopa dizilo mwamphamvu kwambiri kudzera m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo mafuta akuda amawononga mainjekita, omwe ndi okwera mtengo zedi. Getsi la sefa ya dizilo likayaka, khutulani madzi a m'sefamo tsiku lomwelo.

Lita imodzi igwire ntchito yochuluka bwanji

Galimoto yomwa malita 12 imatha malita 7 pa ulendo wa makilomita 60. Ngati yanyamula mlangizi mmodzi kukaona munda umodzi, mundawo wadya malita 7. Ngati yanyamula alangizi anayi, yasiya feteleza ndi kuyendera minda isanu ndi umodzi ya njira yomweyo, munda uliwonse wadya lita imodzi ndi pang'ono. Njinga yamoto yaing'ono ya alangizi, yomwa pafupifupi malita 3 pa makilomita 100, imatha malita osakwana awiri pa ulendo womwewo. Choncho ulendo wongokalemba zotsatira ndi wa njinga yamoto, pomwe galimoto ndi ya katundu, ya gulu la anthu ndi ya misewu yomwe njinga singadutse.

Zoyenera kuchita

Alangizi: posankha malo a minda ya kafukufuku, iyandikane pa njira imodzi ngati dothi ndi cholinga cha kafukufuku zikulola. Lembani masiku osadumphika a munda uliwonse nyengo isanayambe, ndipo mafuta a masiku amenewo apatulidwe poyamba. Mbewu, feteleza ndi zikwangwani zifike m'madambo mu Okutobala kapena Novembala, misewu ikadali youma.

Alimi otsogolera: m'mawa wa tsiku la ulendo imbani foni kunena momwe msewu ndi milatho zilili, komanso ngati ntchito yakonzeka. Sonkhanitsani alimi anzanu nthawi isanakwane kuti galimoto isabwerenso kawiri. Katundu wochepa mungamulandirire pamsewu waukulu ndi njinga kapena ngolo. Sungani kope la tsiku lofesa, lowokera ndi lothira feteleza, kuti tsiku lomwe galimoto yalephera kufika, zotsatira za munda zisatayike.

Madalaivala: lembani malita ndi makilomita nthawi iliyonse mukamwetsa mafuta, ndipo muzionetsa nambala ya mwezi kwa woyang'anira ofesi pamodzi ndi dongosolo la maulendo a mwezi wotsatira.