Wodwala Akavomera Sikuti Wamvetsa

M'zipatala za m'Chigwa cha Shire, kuyambira ku Chikwaŵa, Nchalo ndi Ngabu mpaka ku Nsanje, odwala ambiri amabwerera kwawo ndi mankhwala oyenera, koma malangizo ake asanawamvetse. Ena sadziŵa kuŵerenga; ena chiyankhulo chawo ndi Chisena kapena Chimang'anja. Dokotala akafunsa ngati amva, iwo mwaulemu amangoti "inde", popeza kufunsa munthu wophunzira amakuyesa chipongwe. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma ku chipatala udindo wofunsa uli pa wogwira ntchito.

Chitsanzo ndi mankhwala a malungo a LA, amene adayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2007. Wodwala ayenera kumwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Ambiri amaleka thupi likangozizira, nasungira mwana wina otsalawo, osadziŵa kuti tizilombo tisanathe m'magazi. Manambala olembedwa pa pepala sathandiza mayi wosaŵerenga. Namwino wanzeru amatchula nthaŵi yoti amwenso tsiku loyambalo, kenaka nkunena kuti m'maŵa dzuŵa likutuluka ndi madzulo likuloŵa, akuloza mapiritsi a nthaŵi iliyonse.

Chimodzimodzinso Thanzi ORS. Madzi akasefukira, monga mu 2015 ndi pa namondwe wa Freddy mu 2023, zitsime zimaipa ndipo matenda otsekula m'mimba ndi kolera amafala msanga. Paketi imodzi isungunulidwe m'lita imodzi ya madzi oŵiritsa kapena othira klorini. Koma liwu loti "lita" ndi lachilendo kwa agogo ambiri. Madzi akachepa, mchere umachuluka ndipo ukhoza kuvulaza mwana. Tsono mlangizi wa zaumoyo atenge botolo lodziŵika kumudziko, ayeze madziwo mayiyo akuona, namuuze kuti otsala atayidwe pakatha tsiku limodzi.

Njira yotsimikizira ndi yosavuta. M'malo mofunsa kuti "Mwamva?", wogwira ntchito anene kuti, "Mayi, tandiuzani mmene mukammwetsere mwanayu mukafika kunyumba." Akaphonya, afotokozenso mofatsa ndi mawu ena, osakalipa, ndipo mfundo zisapitirire zitatu. Ngati chiyankhulo chavuta, aitane mnzake wodziŵa Chisena.

Mzere wa odwala ndi wautali ndithu, koma mphindi ziŵiri zimenezi zimapulumutsa mwana amene akadabweranso ali kayakaya.