TIZILOMBO TOTHANDIZA M'MATUMBO

M'matumbo a munthu ali yense mukhala tizilombo tosawerengeka, tating'ono ndithu, tooneka ndi galasi lokuza zinthu lokha. Si tonse tiri adani ai. Tambiri tithandiza kugaya cakudya, ndipo tina tifanana ndi tija tisasitsa mkaka kuti ukhale cambiko. M'caka ca 1907 Elie Metchnikoff, wa ku Russia, wogwira nchito ku Paris, analemba kuti kumwa mkaka wosasa kukonza m'matumbo. Masiku ano tizilombo totere tiikidwa m'mankhwala akumwa, dzina lace probiotics.

Tsono pali nthenda ina yozizwitsa imene madotolo ayesa kuiciza ndi tizilomboti. Dzina lace ndi irritable bowel syndrome, ndiko kunena kuti matumbo osacedwa kukwiya. Wodwalayo amva kupweteka m'mimba miyezi yambiri. Mimba ifufuma, tsiku lina atsegula m'mimba, tsiku lina adzimbidwa. Koma dotolo akamuyesa sapeza cironda kapena njoka. Anzace ayesa kuti anama pofuna kuthawa khasu, koma sanama iai.

M'caka ca 1973 dotolo wa ku England, James Ritchie, analowetsa kathumba ka mphira m'matumbo a anthu, napoperamo mpweya pang'ono pang'ono. Odwala nthendayi anamva ululu kathumbako kasanakule, pamene anthu ambiri osadwala sanamve kupweteka. Potero kunaoneka kuti mitsempha ya m'matumbo mwao icenjera kopitirira, monga garu wouwa usiku tsamba likangogwa.

Kodi tizilombo tabwino tija tingathe kumtontholetsa garu ameneyu? M'caka ca 2007 anthu ophunzira a ku Lille, m'dziko la France, anamwetsa makoswe mtundu wina wa tizilomboti, Lactobacillus acidophilus. Makoswewo analeka kumva msanga kupweteka m'matumbo, ngati apatsidwa morphine. Anapeza kuti khungu la m'kati mwa matumbo linacurukitsa timalo tolandira mankhwala ozizitsa ululu, amene thupi lipanga lokha.

Koma khoswe si munthu. Poyesa mwa anthu, ena apeza bwino, ena osasintha konse. Ndiponso mitundu ya tizilomboti njambiri, ndipo nchito yace siifanana. Ngakhale madotolo omwe sanabvomerezane. M'caka ca 2021 a ku Britain anati wodwala angathe kuyesa kufikira masabata 12, naleke ngati saona kusintha; a ku America anati umboni sunakwane.

Cambiko ndi thobwa ndi zakudya zabwino, koma sizilowa m'malo mwa cipatala. Kumidzi kupweteka m'mimba kubwera kawiri kawiri ndi njoka, kamwazi kapena likodzo la m'matumbo, ndipo zimenezi ziri ndi mankhwala ace ena. Mwana akaona mwazi popita kuthengo, kapena akamaonda, kapena thupi likatentha, auze makolo ace ndi aphunzitsi tsiku lomwelo, kuti apite naye kwa dotolo.