Mbalame nayo ili ndi kapalasidwe kake

Amayi odikira nsomba pa madooko a ku Makanjira ali ndi luso limene eni ake saliwerengera n'komwe. Bwato likadali kadontho kutali uko, wina wanyamula kale beseni: "Awo ndi bambo a kunyumba." Nkhope sanaione, malaya sanawaone. Waona kapalasidwe basi, mmene munthuyo akuweramira, ndi mmene akusinthira nkhafi mbali iyi ndi iyo. Wofuna kusiyanitsa mbalame zofanana akufunika diso lomweli, chifukwa nthenga ndi zimene zimanamiza kwambiri. Buku la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett la mu 2006 linapeza mitundu ya mbalame pafupifupi 650 m'Malawi muno, ndipo palibe angailoweze pamtima yonseyi pongoyang'ana kuyera ndi kuda.

Mukawoloka Shire pa Mangochi boma n'kutenga msewu wa Malindi, kudzera ku Lungwena mpaka ku Makanjira, mbalame zoyera simuzisowa, ndipo zonse timangoti akakowa. Koma yang'anani zochita zawo. Uyo akuyenda m'miyendo mwa ng'ombe kumtunda, wamfupi, wa khosi lonenepa ndi mlomo wachikasu, alibe nazo ntchito kwenikweni nsomba. Akudikira ziwala zimene ng'ombe zikudzutsa mu udzu. Wa m'mphepete mwa madzi, wowonda, wa mlomo wakuda, sakhazikika. Amatakasa matope ndi phazi kuti tinsomba tivumbuluke, kenako n'kuthamangira uku ndi uku akujompha. Akatukula mwendo mudzaona kuti mwendowo ndi wakuda koma zala zake ndi zachikasu. Wachitatu ndi wamkulu, wotalika pafupifupi mita imodzi, amene amangoima chilili m'madzi, khosi litapindika, mpaka nsomba idzipereke yokha. Mlomo wake ndi wachikasu, koma nyengo yoswana umada, ndiye wodalira mlomo wokha wagwa nayo.

Mphipi ndiye zimavuta koposa. Yaikulu, ya khosi ndi chifuwa choyera, imakonda gulu. Pa chilumba cha Boadzulu, chimene chili mbali ya Lake Malawi National Park, zimaswana zambirimbiri mpaka miyala ndi mitengo inayera ndi zitosi. Yaing'ono ndi yakuda, ya mchira wautali ndi diso lofiira, ndipo kawirikawiri mumaipeza yokha pa bango kapena pa chikhuni chotuluka m'madzi, itatambasula mapiko padzuwa. Msampha uli apa: mwana wa yaing'onoyi amakhala wotuwa kumimba, moti mlendo amafulumira kunena kuti waona yaikulu ija. Mchira ndi umene umaulula. Palinso ina imene imasambira thupi lonse litamira, khosi lokha lili pamwamba, mpaka ana osamba amathawa poyesa njoka. Imeneyi si mphipi yeniyeni. Mlomo wa mphipi uli ndi kangowe kunsonga kogwirira nsomba, pamene wa iyi ndi wosongoka, wobayira.

Ku Makanjira dzuwa limatulukira kumbuyo kwanu, kumapiri a mbali ya Mozambique, choncho m'mawa nyanja imaoneka bwino ndipo nthenga iliyonse imadziwika. Madzulo limakuthobwani m'maso, mbalame zonse n'kusanduka zithunzi zakuda pamadzi. Nthawi imeneyo ngakhale makina oyang'anira patali sakuthandizani kwenikweni, chotsala ndi msinkhu ndi kayendedwe.

Nkhwazi aliyense amati amaidziwa, poti ili pa chizindikiro cha dziko lathu, ndipo kulira kwake, mutu itaukhotetsera kumsana, sikusokonezeka ndi china. Komatu mutu woyera uja umatenga zaka 4 kapena 5 kuti ubwere. Nkhwazi yaing'ono ndi yabulauni, yamathothomathotho, yosaoneka bwino, ndipo anthu ambiri amaipatsa maina a mbalame zina. M'miyezi ya dzinja kumabweranso mlendo wochokera kumaiko a kumpoto, amene mabuku achingerezi amamutcha osprey, woyera kumimba, wa mzere wakuda wodutsa pa diso. Mzerewo simungauone mbalame ili pakati pa nyanja. Dikirani isake. Mlendoyu amayamba waima m'mwamba akukupiza mapiko, kenako amadzigwetsa miyendo ili patsogolo, phava! nthawi zina mpaka kumira, ndipo akavuuka amadzikutumula ali mumlengalenga, nsomba ataigwira mutu utaloza kutsogolo. Nkhwazi siikonda kunyowa chotero. Imatsika mopendekera kuchokera pa mtengo wake, n'kutsomphola nsomba pamwamba pa madzi ndi zikhadabo zokha. Ikagwira yolemera yoti singauluke nayo, imapalasa ndi mapiko mpaka kumtunda. Ndipo ikaona mnzake wagwira kale, ilibe manyazi: imamuthamangitsa mpaka aitaye.