Wilo ya Mayi Hamlyn: Chuma Chophunzitsa Anthu Malamulo

Munthu akamwalira, kawirikawiri abale amayamba kufunsana kuti nyumba atenga ndani, ng'ombe zipita kwa yani. Koma alipo ena amene amasiya chuma chawo kuti chithandize anthu amene iwo sadzawaona n'komwe. Mmodzi mwa anthu otere adali Mayi Emma Hamlyn a ku Torquay, m'dziko la England, amene adamwalira m'chaka cha 1941.

Bambo awo adali loya. M'wilo yawo mayiwa adalamula kuti chuma chawo chigwire ntchito yophunzitsa anthu wamba a ku Britain malamulo a dziko lawo, powayerekeza ndi a maiko ena a ku Ulaya. Cholinga chawo chidali chakuti anthu adziwe ufulu umene ali nawo, ndiponso udindo umene umadza ndi ufuluwo.

Khoti lidavomereza dongosolo la ntchitoyi mu 1948. Bungwe losamala chumacho limaitana katswiri wa malamulo kuti akambe nkhani zingapo poyera, makamaka m'mayunivesite. Pambuyo pake nkhanizo zimasindikizidwa m'buku. Nkhani zimenezi zimatchedwa Hamlyn Lectures.

Woyamba kuyankhula adali jaji Alfred Denning mu 1949 ku London, pa mutu wa ufulu wa munthu pansi pa malamulo. Mu 1974 jaji wina, Leslie Scarman, adati dziko la Britain likusowa lamulo lolembedwa loteteza ufulu wachibadwidwe. Padapita zaka 24, koma mu 1998 nyumba ya malamulo ya dzikolo idakhazikitsa lamulo la mtunduwo.

Dzina lina pa mndandandawu ndi lodziwika kuno kwathu. Mu 1956 jaji Patrick Devlin, amene adaphunzira pa sukulu ya Ajezuiti ya Stonyhurst, adakamba za ubwino woti anthu wamba 12 azigamula ngati woimbidwa mlandu walakwa kapena ayi. Patangopita zaka zitatu, pa 3 Marichi 1959, bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti ku Nyasaland kuli chipwirikiti, ndipo Dr Banda ndi anthu ena ambiri adamangidwa popanda kuzengedwa mlandu. Boma la Britain lidatuma Devlin yemweyo kuti adzafufuze. Lipoti lake lidanena mosabisa kuti pa nthawiyo dziko lino limayendetsedwa ndi mphamvu ya apolisi. Boma silidakondwe nalo, koma mu Epulo 1960 Dr Banda adamasulidwa.

Anzanga, maganizo a Mayi Hamlyn ndi akuti malamulo si a maloya okha. Mayi wamasiye wosadziwa lamulo amalandidwa munda, nangoti ndi mmene zimakhalira. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ena a ife Mulungu akalola tidzatumikira m'maparishi, ndipo anthu otere adzagogoda pa khomo la abambo mfumu asanaganize n'komwe za loya. Tidzawayankha chiyani ngati ifenso sitidawerengepo malamulo oyendetsera dziko lathu?