Njinga Yathu ya Mawilo Anayi Ili pa Njerwa

Aliyense wodutsa kuseri kwa shedi ya zipangizo masiku ano akuiona njinga yathu yamoto ya mawilo anayi ili pa njerwa, injini yake itafunditsidwa thumba la feteleza. Inu amene munatsiriza maphunziro zaka zapitazi mukuikumbukira ili yamphamvu, ikupita kudimba m'mamawa ndi kubwerako itasenza makabichi, mame asanakamuke. Ena mwa inu mwatilembera kufunsa ngati n'kwanzeru kugula yotere ndi ndalama za soya kapena mpendadzuwa wa chaka chino. Sitikuyankhani kuti gulani kapena musagule tisanakutsegulireni buku lathu la ndalama, pakuti m'menemo muli zimene wogulitsa sanena.

Makina amenewa, amene ogulitsa amawatcha quad bike, si akale kwambiri. Kampani ya Honda inatulutsa ya mawilo atatu mu 1970, ndipo ya Suzuki inabweretsa ya mawilo anayi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980. Alimi anaikonda chifukwa imapita kumene galimoto singapite, ndipo sipondereza nthaka monga thirakitala. Ifenso tinakopeka ndi zomwezo. Yathuyi tinaigula yakale, kwa mlimi wina amene ankagulitsa katundu wa pa famu yake. Utoto unali wowala, injini inalira titangodina batani, mtengo unali wabwino. Buku la malangizo panalibe, ngakhalenso kapepala kosonyeza kuti oilo anasinthidwa liti. Tinaziona zimenezi, koma tinazipeputsa. Akulu akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mwambi umenewu timauphunzitsa tokha m'kalasi tikamanena zogula ng'ombe pa msika.

Choyamba kuwonongeka chinali kanthu kakang'ono. Pa chitsulo chimene chimazunguza wilo lililonse lakutsogolo pali mfundo yopindika, imene amakanika amaitcha CV joint, ndipo mfundoyo imavekedwa kachikwama ka labala kodzaza girisi. Chitsa cha chimanga kapena waya wa mpanda chinang'amba kachikwama kamodzi. Girisi anamwazikira m'kati mwa wilo, tinamuona, ndipo tinati tidzakonza tikatha kukolola. Pamene tinkatha kukolola n'kuti mchenga utalowa kale m'mfundomo n'kusakanizika ndi girisi wotsala, ndipo unali kupera chitsulo monga mphero. Njinga inayamba kulira kuti kha-kha-kha pokhota. Kachikwama katsopano ndi girisi wake zikanatidyera ndalama zochepa ndi ntchito ya masana amodzi. M'malo mwake tinagula chitsulo chonse, pamtengo woposa wa kachikwamako kangapo konse, ndipo njinga inaima masabata angapo kudikira kuti chifike.

Vuto lachiwiri ndi fumbi, ndipo pano tikhalitsepo, chifukwa ndi limene limapha injini zambiri kuno kwathu, za njinga, za mapampu ndi za zigayo zomwe. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, njira za pa famu zimasanduka ufa. Njinga yotereyi ndi yaifupi, choncho imapuma fumbi limene mawilo ake omwe akuutsa. Chotchinjiriza chake ndi sefa ya siponji imene iyenera kutsukidwa, kuumitsidwa, kenako kupakidwa oilo wake womata ndi kufinyidwa. Oiloyo ndiye amagwira fumbi. Siponji youma imalilola kudutsa. Wophunzira wina wakhama anaitsuka bwino lomwe, naibwezera ili youma ndi yoyera, akuganiza kuti watithandiza. Sitimuimba mlandu. Tinamutuma ntchito imene sitinamuonetsepo, ndipo kulakwa kumeneko n'kwathu. Fumbi likalowa mu silinda limadya mphete za pisitoni pang'onopang'ono. Injini imayamba kuvuta kuyaka m'mawa, mphamvu imachepa pa chitunda, oilo amatsika popanda podontha, ndipo pomaliza kumbuyo kumatuluka utsi wobiriwira ngati wa nkhuni zaziwisi. Utsiwo ukaoneka, ndalama yapita kale.

Za oilo tinene mwachidule. Njinga zambiri za mtundu umenewu zili ndi kilatchi imene imakhala m'oilo yemweyo wa injini, ndipo oilo wina wa galimoto amaiteretsa. Funani amene pa botolo palembedwa JASO MA, kapena amene buku la njingayo latchula. Mabuku a Honda amati asinthidwe pa maola 100 kapena makilomita 1,000, ndipo amachenjeza kuti m'fumbi ndi m'madzi chisamaliro chichitike kawirikawiri kuposa apo. Werengani maola, pakuti pa famu njinga imagwira ntchito yolemera tsiku lonse koma makilomita ake n'kukhala ochepa.

Tinailemetsanso. Tengani chitsanzo cha Honda TRX420, imene ndi ya msinkhu wapakati: chitsulo chonyamulira chakutsogolo chimaloledwa makilogalamu 30, chakumbuyo 60, ndipo ngolo yokokedwa, pamodzi ndi katundu wake, isapitirire makilogalamu 385. Ndiye kuti matumba awiri a feteleza a makilogalamu 50 kumbuyo apyola kale muyeso. Ife tinkaika awiri, nthawi zina ndi munthu pamwamba pake. Yathuyi ndi ya mtundu woyendera lamba wa labala m'malo mwa magiya a phazi, ndipo lamba ameneyu amafuna giya yotsika pokoka ngolo kapena pokwera chitunda. Ukakoka ndi giya yothamangira amatereka, amatentha, ndipo umamva fungo la labala wopsa. Tinapsereza malamba awiri tisanavomere kuti vuto silinali lamba. Kulemera komweko ndiko kunatha maberingi a mawilo akumbuyo. Matayala nawo tinawazunza mosadziwa: amafuna mpweya wochepa kwambiri, pafupifupi 5 psi kapena kucheperapo, pamene a galimoto amafuna 30 kapena kuposa. Choyezera cha pa malo omwetsera petulo sichiwerenga bwino muyeso waung'ono chotere, ndipo mnyamata wopopa, posafuna kutinyenga, anawadzaza mpaka anauma gwa. Njinga inayamba kudumphadumpha ngati mwana wa mbuzi, ndipo minga ya mthethe inkalowa mosavuta.

Chimene chinaigwetsa kotheratu ndi dambo. Mu Febuluwale, mvula itagwa usiku wonse, mmodzi wa ife aphunzitsi anafuna kuwoloka kuti akaone ngati madzi sanakokolole mbande za kutsidya. Pamalo pamene dzulo lake madzi ankafika m'akakolo, tsiku limenelo anafika pa mpando, ndipo injini inazima pakati. Mpaka apa n'kuti chiwonongeko chikadali chaching'ono. Koma munthu akaona madzi akukwera, chala chimathamangira pa batani. Anadina kawiri kapena katatu. Madzi sapanikizika monga mpweya; pisitoni ikakwera n'kupeza madzi mu silinda, chimene chimagonja ndi ndodo yolumikiza pisitoniyo ndi shafiti ya injini. Inapindika. Choyenera kuchita chinali kuikankha kapena kuikoka ndi ng'ombe kufikira pouma, kuchotsa pulagi, kukhuthula madzi m'bokosi la sefa, m'kabuleta ndi m'nyumba ya lamba, kuzunguza injini popanda pulagi kuti ilavule madziwo, kenako kusintha oilo mobwereza mpaka atasiya kuoneka ngati tiyi wamkaka. Zonsezi mtengo wake ndi mabotolo angapo a oilo. Lembani ndondomeko imeneyi m'kope lanu, chifukwa imagwiranso ntchito pa njinga ya mawilo awiri ndi pa pampu imene yamira m'mtsinje.

Tsopano za ndalama. Chimene chimapweteka si malipiro a makanika ayi, koma masipeya. Njinga za mawilo awiri zadzaza m'misewu ya Chipata, Katete ndi Petauke, ndipo zitsulo zake mumazipeza pa msika uliwonse. Za mawilo anayi n'zochepa m'dziko muno, choncho wamalonda sasunga zitsulo zake pa shelefu. Zambiri zimaitanitsidwa ku Lusaka, ndipo a ku Lusaka nawo amaziitanitsa ku South Africa kapena kutali kuposa apo. Mtengo wake umayambira m'marandi kapena m'madola, n'kuwonjezapo zonyamulira, msonkho wa pa malire ndi VAT ya 16 peresenti. Kwacha ikatsika pakati pa tsiku lofunsa mtengo ndi tsiku lolipira, wolipira kusiyanako ndinu. Kamodzi tinatumiza ndalama titangotchula dzina la njinga pa foni, ndipo kunabwera chitsulo cha njinga ya chaka china, chofanana m'maso koma chosalowa. Wogulitsayo anakana kuchilandiranso. Kuyambira pamenepo timakopera nambala ya fulemu ndi ya injini, n'kutumizanso chithunzi cha chitsulo chakalecho. Pali zitsulo zotsika mtengo zosakhala za kampani yeniyeni. Pa zinthu monga magalasi ndi mapulasitiki timazigula osadandaula, koma pa lamba, maberingi ndi za m'kati mwa injini tinaona kuti chotchipacho timachigula kawiri.

Titaphatikiza zonse zimene talipira pokonza, osawerengera petulo, tinapeza kuti zikuyandikira ndalama imene tinagulira njingayo, ndipo injini sinatsegulidwebe. Ndalama imeneyi sinagwe kumwamba. Ina inachotsedwa pa zimene tinasungira mapaipi othirira dimba la ophunzira, n'chifukwa chake a chaka chino mukutungabe ndi makheni.

Wofuna kudziwa ngati makina akumupindulira awerenge mtengo wa ola limodzi. Tinene mongoyerekeza kuti m'chaka mwawononga K12,000 pa petulo, oilo, matayala ndi zokonza, ndipo njinga yagwira ntchito maola 300. Ola lililonse lakudyerani K40, musanachotse kanthu kosungira yogula ina ikadzatha iyi. Tsono dzifunseni kuti ola limenelo linagwira ntchito yanji. Ngati linanyamula tomato amene akanaola asanafike pa msewu, lalipira. Ngati linangokufikitsani kumunda kumene njinga yakapalasa ikanakufikitsani, mwagula ulemu pamtengo wokwera. M'kuona kwathu, mlimi wa mahekitala ochepa amene ali ndi ng'ombe ziwiri ndi ngolo sanafikebe pofuna makina amenewa. Woweta ziweto pa malo aakulu, amene amayendera mpanda ndi zomwera tsiku ndi tsiku, nkhani yake ndi ina.

Ngati mwatsimikizabe mtima kugula yakale, pitani m'mawa ndipo gwirani injini ndi dzanja kuti mudziwe kuti ndi yozizira, chifukwa yotenthetsedwa kale imabisa matenda. Onani mtundu wa oilo ndi wa utsi. Tsegulani bokosi la sefa, mupisemo chala kuseri kwa siponji. Mukapeza fumbi kumeneko, lafika kale mu injini. Gwadani muone tizikwama ta labala tonse. Inyamuleni, mugwedeze wilo lililonse. Ikani choyezera pa batire: injini ili chete lisonyeze mavoti pafupifupi 12.6, ikulira akwere kufika cha pa 14. Ndipo musanapereke ngwee, imbirani ogulitsa masipeya muwafunse mtengo wa lamba, wa pisitoni ndi wa chitsulo cha wilo cha njinga yomweyo, ndi masiku amene zingatenge kuti zifike. Pa ndalama zanu muwerengerenso chisoti. Makina amenewa amagubuduzika msanga pa malo otsetsereka n'kupsinja wokwera, moti dziko la Australia linalamula kuti kuyambira mu 2021 zatsopano za ntchito ya pa famu zizigulitsidwa zili ndi chitsulo chotchinjiriza woyendetsa.

Komiti ya famu inagawikana pa za yathuyi. Ena anati igulitsidwe momwe ilili, ena anati titataya kale zochuluka chotere tisaisiye panjira. Tinagwirizana kuti injini itsegulidwe kaye, ndipo aitsegule ndi ophunzira a chaka chachiwiri, makanika akuwayang'anira. Tikapeza kuti shafiti ndi silinda zili bwino, tidzagula ndodo, pisitoni ndi mphete zake. Tikapeza kuti nazonso zawonongeka, tidzaigulitsa zitsulozitsulo ndipo ndalamayo idzabwerera ku mapaipi. Pakali pano makabichi akubwera pa ngolo ya ng'ombe, ndipo amene ali pa ndandanda ya kudimba azinyamuka ola limodzi msanga.