Mphambano ya njanji pa Nkaya

Mnzanga anandifunsa chifukwa chake sitima zazitali za malasha zimadutsa pa Nkaya, m'boma la Balaka, koma ku Limbe sizioneka. Nanenso kale ndinkayesa njanji yathu ndi imodzi, yongowongoka ngati msewu wa M1.

Njanji yakale inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Nsanje, n'kupitirira mpaka ku Salima mu 1935. Mu 1970 anaipatula pa Nkaya kulowera ku Nayuchi kuti katundu azikafika kudoko la Nacala. Malashawo amachokera ku Moatize pa njanji ina, n'kudzera ku Mwanza ndi Neno. Akafika pa Nkaya amangopitirira kummawa. Limbe ili kummwera, n'chifukwa chake sitimazo sizionekako.

Sitima ya anthu ndiyo imachokera ku Limbe. Ikaima, amayi amathamangira kumawindo ndi malichero a nthochi, wogula akuponya ndalama sitima itayamba kale kuyenda.