Nthano yodikira chala: chimene chimakokera anthu ku magemu a visual novel

Visual novel ndi gemu imene ntchito yaikulu ya wosewera ndi kuwerenga. Pa sikirini ya foni kapena kompyuta pamaoneka chithunzi cha malo, kaya ndi kalasi, chipinda chogona kapena siteshoni ya sitima. Kutsogolo kwa chithunzicho kumaima mpangankhani wojambulidwa, ndipo m'munsi mumakhala kabokosi ka mawu. Wosewera akawerenga mzere umodzi amadina, mzere wina n'kubwera. Mpangankhani akakhumudwa nkhope yake imagwa, akachita manyazi masaya amafiira, nayo nyimbo yapansipansi imasintha motsatira zochitikazo. Kenaka nkhani imafika pamphambano n'kuima chilili. Pamatuluka mayankho awiri kapena atatu, ndipo palibe chimene chingachitike mpaka chala cha wosewera chitasankha limodzi.

Kwa munthu wozolowera magemu a mpira kapena omenyana, amene achinyamata amaunjikana kusewera m'tizipinda ta magemu ku Ndirande ndi ku Chilomoni, izi zimaoneka ngati si gemu n'komwe. Mulibe kuthamanga, mulibe chigoli, mulibe woti umudye ngati pa bawo. Komabe mtunduwu wakhala ndi anthu ake kwa zaka zoposa 30, ndipo ena amatha maola makumi angapo ali pa nkhani imodzi.

Kwawo kwa magemuwa ndi ku Japan. Mu 1983 Yuji Horii adapanga The Portopia Serial Murder Case, gemu ya wapolisi wofufuza za kuphedwa kwa munthu, imene inkayenda ndi mawu ndi zithunzi zosagwedera. Mu 1992 kampani ya Chunsoft idatulutsa Otogirisō, nkhani yoopsa yolembedwa pamwamba pa zithunzi ndi kuikamo phokoso lochititsa nthumanzi, ndipo eni ake adaitcha sound novel. Dzina loti visual novel lidatchuka ndi kampani ya Leaf, imene idatulutsa Shizuku mu 1996 ndi To Heart mu 1997. Pasadafike apo n'kuti kampani ya Koei, kudzera m'gulu lotsogozedwa ndi mayi Keiko Erikawa, itatulutsa kale Angelique mu 1994, gemu ya chikondi yopangidwa ndi amayi poganizira atsikana. M'menemo ndi momwe mudachokera nthambi yotchedwa otome, imene mwininkhani amakhala wamkazi.

Chokoka choyamba ndi nkhani yeniyeniyo, ndipo Amalawi safunika kuphunzitsidwa kukoma kwa nkhani yotsatana. Sewero la pawailesi la Zimachitika, limene bungwe la Story Workshop la mu Blantyre lidayamba kuulutsa mu 1997, linkasonkhanitsa mabanja pa wailesi imodzi. Tikuferanji idachita chimodzimodzi pa wailesi ndi pa kanema. M'mavidiyo shoo a m'matauni ana amakhala pa mabenchi kuonera mafilimu a ku China ndi ku India otanthauziridwa m'Chichewa, ndipo pa Facebook pali olemba amene amadula nkhani pakati dala kuti owerenga adzabwerenso mawa. Ludzu lofuna kudziwa chotsatira ndi lomwelo limene limagwira wosewera visual novel.

Kusiyana kwake kuli poti sewero la pawailesi silidikira munthu. Ukapita kukatunga madzi umapeza lapitirira. Visual novel imayenda ngati nthano ya pabwalo madzulo, pamene wosimba amati "Padangokhala" n'kudikira omvera ayankhe "Tili tonse". Popanda kuyankhako nthano imafera pakamwa. Kudina kwa chala ndiko "tili tonse" wa gemuyi. Kumaoneka kochepa, koma olemba aluso amadziwa kukugwiritsa ntchito. Pamene mpangankhani akufuna kuulula chinsinsi, amagawa chiganizo chimodzi m'tizidutswa titatu kuti wosewera achite kukoka yekha mawu amene akuwaopa. Buku silingathe kuchita zimenezi chifukwa diso limaba n'kuona kumunsi kwa tsamba.

Chokoka chachiwiri, chimenenso ndi mtima wa zonse, ndi udindo. Tiyerekeze nkhani ya mtsikana wa ku Zingwangwa amene amalume ake amupatsa ndalama ya fizi, ndipo madzulo omwewo mnzake wapamtima wabwera akulira kuti mwana wake wadwala, kulibe ya mankhwala. Pa sikirini patuluke mayankho awiri: kumubwereka ndalamayo, kapena kunama kuti wapereka kale kusukulu. Wowerenga buku amangoweruza ali patali, amvekere mtsikanayu ndi wopusa kapena ndi wouma mtima. Wosewera alibe pothawira. Akabwereketsa, n'kuona mtsikanayo akubwezedwa pageti la sukulu Lolemba, amadziwa kuti ndi iye wachititsa. Akanama, n'kukumana ndi mnzake uja kumsika patapita sabata, manyazi amagwira iye amene wanyamula foniyo. Magemu abwino amtunduwu sapereka yankho loyera ndi lakuda. Mayankho onse awiri amakhala ndi mtengo wake.

Zoterezi sizachilendo kwenikweni kuno. Zisudzo za chitukuko, zimene gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College ku Zomba lidatengera m'midzi m'zaka za m'ma 1980, zinkaima pakati kuti anthu oonera anene maganizo awo pa vuto la m'seweromo. Anthu amakumbukira kwambiri sewero limene adaikamo mawu awo kusiyana ndi limene adangoonera.

Kuseri kwa sikirini kulibe zamatsenga. Gemu imasunga chizindikiro pa chilichonse chimene wosewera wasankha, ndipo nthawi zina imawerengetsa mapointi mobisa: wathandiza uyu kangati, wanyoza uja kangati. Nkhani ikafika patsogolo, pulogalamu imayang'ana zizindikirozo n'kutsegula njira yoyenera. N'chifukwa chake mawu amene munthu adasankha mosalabadira pachiyambi angathe kudzamutsata patatha maola asanu. Mu Steins;Gate ya mu 2009 kusankhako kudabisidwa m'foni ya mwininkhani: kuyankha kapena kusayankha uthenga ndiko kumakhotetsa nkhani. Mu Ace Attorney, imene Shu Takumi adapangira kampani ya Capcom mu 2001, wosewera ndi loya. Amamvetsera umboni mzere ndi mzere, n'kupeza pamene mboni yadzitsutsa, n'kuonetsa chinthu chotsimikiza bodzalo. Aliyense amene adakhalapo pa bwalo la milandu kwa amfumu akudziwa kukoma kwa nthawi imene wonama wakodwa ndi mawu ake omwe.

Izi ndi zokoka munthu kuti ayambe. Chomusunga ndi china. Akuluakulu adati ndikadadziwa ndikadaphika therere, kutanthauza kudandaula zinthu zitaonongeka kale. M'moyo kudandaulako kulibe mankhwala, koma mu visual novel wosewera angathe kusunga pamene wafika, kubwerera pamphambano paja n'kuyesa njira inayo. Magemu ambiri ali ndi batani lodumphitsa mawu amene adawerengedwa kale, kuti ulendo wachiwiri usatope. Mathero amakhala angapo, abwino ndi oipa, ndipo kawirikawiri pamakhala mathero enieni amene satseguka mpaka ena onse ataonedwa. Fate/stay night ya Kinoko Nasu, ya mu 2004, ili ndi njira zitatu zotseguka motsatana, ndipo munthu amene adaoneka woipa m'njira yoyamba amamveka mwina akaonedwa kuchokera mbali ina. Apa ndi pamene luso la mtunduwu limafika pachimake. Wosewera amayamba kuzindikira kuti adaweruza munthu atangomva mbali imodzi, ndipo amabwerera osati kukapambana koma kukamvetsa.

Utali wa nkhani nawo umamanga ubale. Kampani ya Key, imene idatulutsa Kanon mu 1999 ndi Clannad mu 2004, idatchuka ndi magemu amene ku Japan amatchedwa nakige, kutanthauza oliritsa. Njira yake ndi yosavuta kuifotokoza: maola ambiri oyamba amathera pa zinthu wamba, kudya nkhomaliro, kuseka, kuyenda kupita kusukulu, mpaka ampangankhani asanduke ngati anthu a pa mdadada wako. Tsoka likagwa, limagwera anthu amene wawazolowera. Maliro a munthu wosamudziwa sapweteka ngati a mnansi amene unkabwerekana naye mchere. Umboni woti ubalewu ungakwanire pawokha ndi Planetarian, ya Key yomweyo mu 2004, imene ilibe posankha ngakhale pamodzi koma imakondedwabe.

Pali zifukwa zinanso zokhudza thumba ndi chipangizo, ndipo m'matauni a Blantyre zimenezi si zazing'ono. Gemu ya zithunzi zosagwedera siilemetsa foni ngati ya mpira, ndipo ina ikangolowa m'foni imaseweredwa popanda bandulo. Siifuna manja awiri kapena liwiro la zala. Munthu wapanikizika pampando wakumbuyo m'minibasi yochokera ku Bangwe kupita ku Limbe, chikwama pamiyendo, angathe kuwerenga ndi chala chachikulu chokha. Kondakitala akamufunsa ndalama amaika foni pansi, nkhani n'kumudikira pomwepo. Magetsi akathima ku Machinjiri kanema amazima, koma foni yotchaja bwino imafikitsa mutu wa nkhani kumapeto.

Ambiri amene amakumana ndi mtunduwu pa foni sayambira ku maina a ku Japan aja. Amayambira pa mapulogalamu monga Episode ya kampani ya Pocket Gems kapena Choices ya Pixelberry, imene idatuluka mu 2016. Apa pakufunika kutsegula maso, chifukwa zokoka zija zidasandutsidwa malonda. Kulowa ndi kwaulere, koma mutu uliwonse umafuna kiyi kapena tikiti, ndipo zikatha munthu amadikira maola kapena kulipira. Choipa kwambiri ndi chakuti yankho labwino, lovala chovala chokongola kapena loteteza mnzako, nthawi zambiri limagulidwa ndi madayamondi, pamene laulere limasiya mwininkhani ali wonyozeka. Pamenepo wosewera sakufunsidwanso za mtima wake koma za thumba lake, ndipo udindo umene umapatsa magemuwa ulemu watayika. Mystic Messenger ya kampani ya Cheritz ya ku South Korea, ya mu 2016, idagwiritsa ntchito nyambo ina: nkhani imatenga masiku 11 enieni ndipo mauthenga a ampangankhani amafika ngakhale pakati pa usiku, mwakuti wosafuna kuphonya amagona modukizadukiza. Njira yosiyanitsira ndi kudzifunsa ngati ukubwerera chifukwa chofuna kudziwa za anthu a m'nkhanimo, kapena chifukwa choopa kutaya mphotho ya tsikulo.

Makolo nawo asanyengeke ndi zithunzi zooneka ngati makatuni a ana. Magemu ambiri oyambirira a pa kompyuta ku Japan adali ndi zolaula, ndipo ena amakono amakamba za kudzipha ndi nkhanza. Doki Doki Literature Club ya Dan Salvato, ya mu 2017, imayamba ngati nkhani yosangalatsa ya kalabu ya ndakatulo kusukulu kenaka n'kusanduka yoopsa, ndipo imachenjeza yokha pachiyambi kuti si ya ana. Msinkhu wolembedwa pa Play Store ndi wofunika kuuwerenga mwana asadayambe.

Chotchinga chachikulu kwa wosewera wa kuno ndi chiyankhulo. Magemu ambiri ali m'Chijapanizi ndi m'Chingerezi, ndipo gemu yodalira kuwerenga imataya mphamvu ngati munthu akupunthwa pa mawu. Ena amapindula pophunzirirapo Chingerezi, koma nthabwala ndi mikuluwiko zimawadutsa. Koma kwa wofuna kupanga gemu yotere m'Chichewa, chipangizo chopangira magemuwa sichovuta kuchipeza. Ren'Py, pulogalamu yaulere imene Tom Rothamel adayambitsa mu 2004 ndipo imagwiritsa ntchito Python, ndi imene adapangira Doki Doki Literature Club, ndipo imalola kutulutsa gemu ya pa foni za Android. Higurashi ya Ryukishi07, imene pambuyo pake idasanduka makatuni a pa kanema, idayamba mu 2002 ngati ntchito ya kagulu kakang'ono kogulitsa kokha pa chionetsero cha Comiket ku Tokyo. Zofunika pa ntchito yotere ndi wolemba wodziwa kugawa nkhani m'njira zingapo, wojambula, woimba ndi wina wodziwa pang'ono za mapulogalamu monga amene amaphunzitsidwa ku MUBAS. Ntchito yolemetsa imagwera wolembayo, chifukwa mphambano iliyonse imene waika m'nkhani imachulukitsa masamba oti alembe, ndipo njira imene osewera ochepa okha adzaidutse iyenera kulembedwa mosamala ngati njira yaikulu.